Amayi Oyamba Kumanga Mabanja ku Migodi ya East Rand

Dera limene lero likutchedwa Ekurhuleni, lomwe lili kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg ndipo linaikidwa pansi pa khonsolo imodzi m'chaka cha 2000, linadziwika kwa zaka zambiri ndi dzina loti East Rand, ndipo ndi mndandanda wa matauni amene anamera motsatira mwala wa golide, monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Nigel. Mbiri ya matauni amenewa kawirikawiri imalembedwa ngati mbiri ya amuna, chifukwa amuna ndiwo anapeza golide, amuna ndiwo anabweretsa ndalama zokumbira, ndipo amuna ndiwo ankatsika pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku. Koma eni migodi pamodzi ndi boma sanalinge kuti anthu akuda akhazikike m'deralo, ndipo chimene chinasandutsa malo ogwirirako ntchito kukhala kwawo kwa anthu ndi khama la amayi amene anafikako popanda wowaitana, namanga mabanja pamalo pamene lamulo linkawaona ngati anthu osafunika. Amayi amenewa ndiwo ayenera kuwerengedwa ngati otsegula mudzi ku East Rand, ngakhale kuti nkhalango imene anailimbana nayo inali ya zitupa, apolisi ndi malamulo a khonsolo.

Golide asanapezeke, dziko limeneli linali la udzu wautali ndi madambo, lozizira kwambiri m'miyezi ya June ndi July, ndipo mitengo inali yosowa. Anthu olankhula Chisutu ndi Chitswana anakhalako zaka mazana angapo, monga mmene mipanda yawo yamiyala ikuchitira umboni m'mapiri a Suikerbosrand ndi Klipriviersberg, mpaka pamene nkhondo za Mzilikazi zinawabalalitsa m'zaka za m'ma 1820. Pambuyo pake kunafika Mabunu, amene anagawana dzikolo m'mafamu akuluakulu, ndipo mabanja a anthu akuda anakhala m'mafamuwo ngati olima mogawana zokolola ndi mwini malo kapena ngati antchito. Zonsezi zinasintha mu 1886 pamene golide anapezeka ku Langlaagte. Posakhalitsa John Jack ndi August Simmer anayamba mgodi pa famu ya Elandsfontein, pamene panadzakhala tauni ya Germiston, ndipo mu 1887 kunakhazikitsidwa Boksburg, kumene kunapezekanso malasha. Kufunika kwa malashawo ku migodi ya golide ndiko kunachititsa kuti mu 1890 kumangidwe njanji yochokera ku Boksburg kupita ku Johannesburg, imene inali yoyamba m'dziko la Transvaal, ndipo posakhalitsa inafika ku Springs.

Dongosolo limene eni migodi anakhazikitsa linali losavuta kulimvetsa. Mwamuna wakuda ankalembedwa ntchito kwa miyezi yowerengeka, ankagonekedwa m'komboni, kutanthauza mpanda wa zipinda zogonamo amuna okhaokha pa mabedi a simenti osanjikizana, ndipo mgwirizano wake ukatha ankayenera kubwerera kwawo. Malipiro ankawerengedwa ngati a munthu mmodzi wopanda mkazi ndi ana, popeza eni migodi ankanena kuti banja lake likudya zakumunda kumudzi, ndipo mwa njira imeneyi mtolo wolera ana, wosamalira odwala ndi wodyetsa okalamba unasiyidwa pamutu pa amayi a ku Basutoland, Transkei, Mozambique ndi Nyasaland. Ngakhale ntchito zimene kwina zikadakhala za amayi zinali m'manja mwa amuna, chifukwa m'zaka zoyambirira zovala za azungu zinkachapidwa ndi magulu a amuna achizulu otchedwa AmaWasha, ndipo ophika ndi osesa m'nyumba za azungu ambiri anali amuna mpaka cha m'ma 1930.

Komabe amayi anabwera. Ena anachokera m'mafamu a ku Free State ndi Transvaal pamene lamulo la malo la 1913 linaletsa anthu akuda kugula malo kunja kwa madera ochepa amene anawapatulira, lomwenso linathetsa ulimi wogawana zokolola ku Free State, kotero kuti mabanja ambiri anathamangitsidwa ndi ziweto zawo. Ena anabwera kudzafuna amuna awo amene anasiya kulemba makalata ndi kutumiza ndalama, ena anali amasiye othawa kulowedwa chokolo, ndipo ambiri, makamaka ochokera ku Basutoland, anathawa chilala choopsa cha 1932 ndi 1933. Katswiri wa mbiri Philip Bonner, amene anafufuza kwambiri za deralo ndipo analemba pamodzi ndi Noor Nieftagodien buku lofotokoza mbiri ya Ekurhuleni, anaonetsa kuti amayi achisutu anali ochuluka kwambiri m'malokeshoni a Benoni, Brakpan ndi Springs, ndiponso kuti ambiri mwa iwo anafika atasiyidwa kale ndi amuna. Lokeshoni anali malo amene khonsolo ya tauni inkapatulira anthu akuda kunja kwa tauni ya azungu, nthawi zambiri pafupi ndi milu ya dothi lochokera m'migodi kapena pafupi ndi potayira zinyalala, ndipo tauni iliyonse inali ndi yake: Germiston inali ndi Dukathole, Boksburg inali ndi Stirtonville, Springs inali ndi Payneville, Nigel inali ndi Charterston, pamene Benoni ndi Brakpan zinali ndi malokeshoni amene pambuyo pake ankangotchedwa akale.

Lamulo la 1923 loyendetsa anthu akuda m'matauni linakhazikika pa mfundo yoti munthu wakuda aloledwe m'tauni pokhapokha ngati akutumikira mzungu, ndipo pamene linasinthidwa mu 1930 ndi mu 1937 makhonsolo anapatsidwa mphamvu zoletsa mayi kulowa m'tauni ngati alibe chilolezo, chimene chinkadalira kuti akhale ndi mwamuna kapena bambo wokhazikika kumeneko. Motero mayi wofika yekha ankayamba moyo wake ngati wolakwa, ndipo choyamba chimene ankafuna chinali chipinda cha kuseri kwa nyumba ya munthu wina, chomangidwa ndi malata akale, chimene ankalipira lendi kwa mwini pulotiyo komanso ndalama ya chitupa cha alendi ku ofesi ya woyang'anira lokeshoni.

Njira yopezera ndalama imene inali yotseguka kwa mayi wotere inali kufulula mowa, ndipo palibe amene angamvetse mbiri ya East Rand popanda kuima pa nkhani imeneyi. Mozungulira lokeshoni iliyonse munali makomboni a amuna zikwizikwi amene Loweruka madzulo ndi Lamulungu ankatuluka ndi ndalama m'thumba, kufuna mowa, nyimbo ndi mawu a munthu wamkazi, ndipo mayi amene anaphunzira kufulula mowa wa mapira kwawo anali ndi luso logulitsika kuposa lina lililonse. Vuto linali lakuti mowa wa mapira umafuna masiku angapo kuti upse ndipo fungo lake limamveka patali, pamene apolisi ankalowa m'malokeshoni usiku ndi m'mamawa, akubaya nthaka ndi zitsulo kufuna zitini zokwiriridwa. Pofuna kupewa zimenezi amayi anayamba kupanga zakumwa zopsa msanga, monga skokiaan, chakumwa cha shuga, yisiti ndi madzi ofunda chimene chinkapsa tsiku limodzi, ndipo ena ankathiramo zinthu zoopsa kuti chikhale chaukali. Olemba a nthawi imeneyo, azungu ndi akuda ophunzira omwe, ankanena za amayiwa monyoza, ndipo sikoyenera kubisa kuti pa malo omwera pankachitika ndewu, uhule ndi imfa, makamaka pamene magulu a amuna achisutu otchedwa Marashea anayamba kulamulira mbali zina za Benoni ndi kudziyesa eni a amayi amene ankawateteza. Koma ndalama ya mowa womwewo ndiyo inalipira lendi, inagula yunifolomu, inalipira sukulu za mishoni ndi kutumizidwa kwa agogo kumudzi, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ambiri a m'badwo wotsatira analeredwa ndi ndalama imeneyi. Pamene makhonsolo anatsegula nyumba zawozawo zogulitsiramo mowa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, n'kuika phindu lake m'thumba loyendetsera malokeshoni, amayi anaona bwino lomwe kuti boma silinkadana ndi mowa, koma linkafuna kuwalanda msika.

Banja lomangidwa pa maziko otere linali losalimba, ndipo linkafuna nzeru zambiri kuti liime. Maukwati ambiri anali ongolowana popanda ziweto kapena ankhoswe, chifukwa abale anali kutali ndipo mwamuna akanatha kubwezedwa kwawo tsiku lililonse, kotero mayi ndiye anali mzati wa nyumba, ndipo ana a abambo osiyana ankakulira pansi pa dzina lake. Madzi ankatungidwa pa mpopi umodzi wa mumsewu, zimbudzi zinali za ndowa zotoledwa usiku, ndipo matenda otsegula m'mimba ankapha makanda ambiri, zimene zinkachititsa amayi ena kutumiza ana kumudzi akangosiya kuyamwa. Amuna ogwira ntchito pansi ankadwala chifuwa chachikulu ndi matenda a fumbi la miyala m'mapapo, ndipo wodwala akachotsedwa ntchito ankasamaliridwa ndi mkazi yemweyo amene eni mgodi sankamuwerengera. M'malo mwa abale amene anatsala kwawo, amayi anapanga ubale watsopano kudzera mu stokvel, dongosolo losonkherana ndalama mosinthana lofanana ndi chipereganyu, kudzera m'mabungwe othandizana pa maliro, ndiponso kudzera mu Manyano, magulu a amayi a mpingo ovala yunifolomu amene ankakumana Lachinayi kupemphera ndi kulangizana za ana, omwe ntchito yawo owerenga a ku Malawi angaiyerekeze ndi ya Mvano, Chigwirizano kapena Umanyano.

Anthu a ku Nyasaland analowa m'mbiri imeneyi mwa njira yawoyawo. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba ntchito m'migodi anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, ndipo chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, pamene bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela linayamba kutenga amuna ku Nyasaland mwadongosolo. Koma chiletso sichinaimitse ulendo wa ku Joni, kapena kuti ku Johannesburg, popeza amuna ambiri a ku Nkhata Bay, Mzimba, Ntcheu ndi Dedza ankapita pa selufu, kutanthauza kuyenda paokha popanda mgwirizano ndi bungwe lililonse, akugwira ganyu m'mafamu a ku Rhodesia mpaka kuwoloka mtsinje wa Limpopo mobisala. Amene anaphunzira ku Livingstonia ndi ku mishoni zina ankapeza ntchito za ukalaliki pa mgodi, zothandiza m'zipatala za migodi, zophika m'nyumba ndi m'mahotela, kapena zosoka, ndipo ntchito zoterezi zinkawalola kukhala kunja kwa komboni ndi kuganiza zomanga banja. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935 motsogozedwa ndi Travers Lacey inapeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula kwambiri za machona, amene ndi anthu okhalitsa kunja mpaka kuleka kulumikizana ndi kwawo.

Amayi a ku Nyasaland amene anakafika ku East Rand m'zaka zimenezo anali ochepa, chifukwa ulendo unali wautali ndi woopsa, Wenela sinkatenga akazi, ndipo mafumu pamodzi ndi boma la atsamunda ankakhwimitsa kuti amayi asachoke m'midzi poganiza kuti mwamuna amene mkazi wake ali kumudzi adzabwerera. M'madera a chikamwini panalinso chifukwa china, chakuti munda ndi nyumba zinali kwa mkazi, ndipo kuchokapo kunali kutaya chuma chokhacho chodalirika. Zotsatira zake zinali zakuti machona ambiri anakwatira akazi achisutu, achizulu, achixhosa ndi achiswazi a m'malokeshoni, kotero kuti mbiri ya banja limodzi inakhala ndi amayi awiri osadziwana: wina ku Payneville kapena ku Stirtonville, amene analandira mlendo wopanda abale, nam'phunzitsa chinenero ndi kum'bisa kwa apolisi ofuna alendo opanda zitupa, ndi wina ku Chintheche kapena ku Ekwendeni, amene analima yekha, nafolera nyumba yekha, nalera ana osam'dziwa bambo wawo. M'nkhani za kumudzi mkazi wa ku Joni amakumbukiridwa ngati wolanda mwamuna, koma chiweruzo chimenechi n'chosakwanira, pakuti amayi onse awiri anasenza mtolo umene unapangidwa ndi dongosolo limodzi, ndipo mayina monga Banda, Phiri, Chirwa ndi Mhone amene amapezeka lero ku KwaThema, Daveyton ndi Tembisa anasungidwa ndi amayi amene sanaione nyanja ya Malawi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabweretsa mafakitale ambiri ku Germiston, Benoni ndi Springs, ndipo anthu anachuluka pamene nyumba sizinkamangidwa, moti puloti imodzi inkakhala ndi mabanja ambiri. Apa amayi analeka kungozemba lamulo n'kuyamba kulimbana nalo poyera. Mu 1944 anthu a m'lokeshoni ya Brakpan ananyanyala ntchito pokwiya ndi kuchotsedwa ntchito kwa mphunzitsi David Bopape ndi nkhanza za oyang'anira lokeshoni. Mu 1945 amayi a ku Payneville, mmodzi mwa atsogoleri awo akukhala Mayi Dinah Maile, anatsekereza nyumba ya mowa ya khonsolo ya Springs pofuna ufulu wofulula m'makomo, ndipo apolisi anawombera khamulo, anthu ena n'kufa. Chaka chomwecho ku Benoni mabanja osowa pokhala, motsogozedwa ndi Harry Mabuya, anakamanga mahema pa malo a khonsolo, mudzi umene unatchedwa Tent Town, ndipo kuumirira kwa anthu otere, kuphatikizapo amene anadzakhala pa msasa wa Apex, ndiko kunakakamiza khonsolo kuti imange nyumba.

Moyo wa Mayi Bertha Gxowa umaonetsa chimene m'badwo woyambawo unabala. Iwo anabadwa mu 1934 m'lokeshoni ya Germiston m'banja la a Mashaba, bambo awo akugwira ntchito m'fakitale yosoka zovala, ndipo anakula akuona kuti munthu ankafunika chilolezo kuti akhale m'lokeshoni imene anabadwiramo. Anayamba ntchito mu ofesi ya bungwe la ogwira ntchito zosoka, ndipo mu 1952, pa nthawi ya kampeni yophwanya dala malamulo atsankho, imene m'chigawo cha Transvaal inayambira pa chipata cha lokeshoni ya Boksburg pa 26 June, iwo analowa ku Krugersdorp opanda chilolezo n'kutsekeredwa m'ndende. Anayenda madera ambiri ndi Helen Joseph, mnzawo wolimbana ndi tsankho, kusonkhanitsa amayi, ndipo anali mmodzi mwa okonza ulendo wa pa 9 August 1956, pamene amayi pafupifupi 20,000 anapita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana zitupa. Kumapeto kwa chaka chomwecho anamangidwa pamodzi ndi anthu ena 155 pa mlandu woukira boma, kenaka anaikidwa pansi pa chiletso chosayenda ndi kulankhula pagulu kwa zaka zambiri, ndipo tsankho litatha anakhala phungu wa nyumba ya malamulo. Anamwalira mu 2010, ndipo chipatala cha boma cha ku Germiston chimatchedwa ndi dzina lawo.

Boma la tsankho, limene linalowa mu 1948, linayankha vuto la nyumba pomanga matauni atsopano a anthu akuda kutali ndi matauni a azungu, ndi kugwetsa malokeshoni akale. Anthu a ku Payneville anasamutsidwira ku KwaThema, imene inayamba mu 1951, a ku Apex ndi Benoni anapita ku Daveyton kuyambira 1955, a ku Dukathole anagawidwa pakati pa Katlehong ndi Tembisa, a ku Stirtonville anapita ku Vosloorus m'zaka za m'ma 1960, a ku Charterston anapita ku Duduza, ndipo a ku Brakpan, amene anakana kwa nthawi yaitali, anathera ku Tsakane. Amayi amene anali atamanga kale moyo kamodzi anayenera kuyambanso pa thengo lopanda mtengo, m'nyumba za zipinda zinayi zofanana zonse, zambiri zopanda pulasitala kapena zitseko zamkati, ndipo makasitomala awo a m'makomboni anatsala kutali. Ambiri anakondwera ndi mpopi wawowawo ndi bwalo lolimapo ndiwo, ndipo zimenezo n'zoona, koma oyandikana nawo a zaka makumi anabalalitsidwa chifukwa nyumba zinkagawidwa potsata chinenero, ndipo banja la bambo wa ku Nyasaland, amene lamulo linkamuwerenga ngati mlendo wakunja wokhala pa chilolezo cha kanthawi, linkakhala ndi nkhawa yakuti tsiku lina adzabwezedwa yekha.

Zitupa zinakakamizidwa kwa amayi onse kuyambira mu 1963, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linalamula kuti nyumba za khonsolo zizilembedwa m'dzina la mwamuna, kotero mayi woferedwa kapena wosudzulidwa ankatha kutulutsidwa m'nyumba imene anaikonza ndi manja ake. Malamulo a zitupa anathetsedwa mu 1986. Pa nthawi imeneyo migodi yambiri ya East Rand inali itatsekedwa kapena ikutha, ndipo ulendo wa Wenela wochokera ku Malawi, umene unafika pa amuna oposa 100,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, unaimitsidwa ndi Dr. Kamuzu Banda pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu April 1974 imene inapha Amalawi 74, unayambiranso pang'ono mu 1977, n'kutheratu cha mu 1988.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 amayi a ku Malawi akhala akupita okha ku Ekurhuleni pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndipo amagwira ntchito za m'nyumba ku Kempton Park, Benoni ndi Edenvale, amaluka tsitsi, amagulitsa nsomba zouma ndi ufa kwa Amalawi anzawo, akugona m'zipinda za kuseri ku Tembisa ndi m'zisakasa za m'mphepete mwa Germiston. Zambiri zimene amakumana nazo n'zimene amayi a ku Payneville anakumana nazo: chipinda cha lendi, pasipoti yotha masiku, wapolisi wofuna mapepala, mwana wosiyidwa kwa agogo ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndi gulu la amayi a mpingo losonkherana ndalama zonyamulira maliro kupita kumudzi. Mu May 2008, pamene ziwawa zothamangitsa alendo zinapha anthu 62 m'dziko lonselo, ena mwa malo amene anayaka kwambiri anali ku Ekurhuleni, kuphatikizapo mudzi wa Ramaphosa pafupi ndi Reiger Park, pamalo pamene kale panali lokeshoni ya Stirtonville, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Ofufuza mbiri a ku Malawi alemba zambiri za amuna a Wenela ndi a selufu, koma amayi a mbali zonse ziwiri, otsala kumudzi ndi olandira machona ku East Rand, akadalibe mbiri yolembedwa mokwanira, ndipo ana awo amene angafotokoze zimene anaona akukalamba, choncho ntchito yowafunsa ndi kulemba mawu awo iyenera kuchitika tsopano.